Kadontho ka magazi pa galasi: kodi amakachita chiyani kuseri kwa chitseko?

Lachiwiri lililonse madzulo timakhala ndi pologalamu ya zaumoyo pa wailesi, ndipo omvera amaimba lamya kufunsa mafunso awo. Mwezi watha anaimba mayi wina wachikulire wa ku Nkholongue, mudzi wa asodzi uja uli m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Metangula. Mayiwa sanazungulire ayi.

"Mwana wanga, inu a pa wailesi mumamva zambiri. Tandiuzani, magazi aja amatitenga pachala n'kupaka pa galasi amapita nawo kuti? Nanga bwanji tsiku lina amayeza pa kapulasitiki yankho n'kutuluka pompo, koma tsiku lina amatikhazika pa benchi mpaka dzuwa kufika paliwombo?" anafunsa motero.

Ndinachita chibwibwi. Ndinawauza agogowo zoona kuti yankho lonse ndinalibe, koma ndikafunsa kwa eni ake a ntchitoyi, pakuti safunsa anadya phula. Lero ndabwera nalo yankholo, ndipo ndaona kuti ndilembe pa tsamba lino kuti amene amatha kuwerenga awerengere anzawo pabwalo, pagombe ndiponso pachigayo.

Zimene zinagwera mphwanga

Funso la agogowa linandilasa mtima chifukwa dzinja lapitali ine ndemwe ndinakhala pa benchi imeneyi. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 4, anadwala malungo. Anamuyeza pa kapulasitiki kaja a chipatala amakatcha TDR, panatuluka mizere iwiri, anamwa Coartem masiku atatu ndipo anachira. Patangopita masabata awiri thupi linatenthanso, uku akutsokomola ndi kupuma mwabefu.

Mlongo wanga anandiimbira lamya usiku. "Achimwene, malungo aja abwerera. Tagulani mankhwala kumsika mutipatsire pa chapa ya m'mawa," anatero.

Ndisaname, ndinatsala pang'ono kugula. Ndalama ya chapa yopita ndi kubwera ndi yambiri kuposa ya mapiritsi, ndipo inali nthawi yopalira. Koma monga malume ake a mwanayo mtima unakana, ndipo m'mawa mwake tinamutengera kuchipatala. Anamuyezanso pa kapulasitiki, mizere iwiri inatulukanso. Mlongo wanga anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti suja ndinanena.

Koma anamwino atamva kuti mwanayo anali atangomaliza kumene mankhwala a malungo, sanalembe Coartem wina. Analemba zilembo zitatu pa kapepala, HTZ, n'kutitumiza ku labotale. Kumeneko anamubaya pachala, anapaka magazi pa galasi, n'kutseka chitseko. Tinadikira kupitirira ola lathunthu. Yankho litabwera linati m'magazi mulibe tizirombo ta malungo.

Mlongo wanga anapsa mtima. "Mwana watentha ngati phale, iwo akuti mulibe malungo? Nanga mizere iwiri ija?" Anamwino sanakangane naye. Anavula mwanayo malaya, anawerenga kapumidwe kake, anamvetsera m'chifuwa, ndipo anapeza kuti chinali chibayo. Anamupatsa mankhwala a chibayo, ndipo lero akuthamanga pamchenga ndi anzake. Ndikanatumiza mapiritsi aja pa chapa, tikanataya masiku atatu tikuchiza matenda amene kunalibe, chibayo chikudya mwana.

Phulusa si moto

Pofuna kuyankha agogo aja ndinabwerera ku labotale komweko, n'kupempha a tekiniko kuti ndikhale nawo m'mawa umodzi. Anavomera, koma anati ndisatchule dzina lawo ndiponso ndisayang'ane mayina a odwala. Choyamba ndinawafunsa za mizere iwiri ija.

Iwo anafotokoza kuti kapulasitiki sikaona kachirombo ka malungo. Kamangogwira zinthu zina zimene kachiromboko kamataya m'magazi, ndipo zinthu zimenezi zimatha kukhalabe m'thupi masabata angapo, mwina mwezi wathunthu, tizirombo titafa kale. Zili ngati mukafika pagombe m'mawa n'kupeza phulusa pamene asodzi anaotha moto usiku. Phulusalo likukuuzani kuti panali moto, koma silikuuzani ngati motowo ukuyakabe. Pa galasi ndi pamene munthu amaona kachirombo kenikeniko ndi maso ake.

Izi sizikutanthauza kuti kapulasitiki n'kachabe. Kamathandiza kwambiri. Sikafuna magetsi, sikafuna makina, yankho limatuluka pa mphindi 15 kapena 20, ndipo a zaumoyo a m'midzi aja timawadziwa kuti ma APE amatha kuyenda nako m'chikwama. M'chaka cha 2010 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo aziyamba wayezedwa asanalandire mankhwala, ndipo m'madera akutali ngati kwathu kuno langizo limeneli likutheka chifukwa cha kapulasitiki komweka.

Koma pali mafunso atatu amene galasi limayankha bwino: kodi tizirombo tilimodi lero, ndi ta mtundu wanji, ndipo tachuluka bwanji? N'chifukwa chake munthu amene wangomaliza mankhwala koma sakupeza bwino, kapena amene wadwalika mpaka kugonekedwa, amamutumiza ku labotale.

Ndipo nkhaniyi si yaing'ono kwa ife. Kafukufuku wa malungo amene boma linachita m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno, 39 anapezeka ndi malungo, ndipo kuno ku Niassa anali pafupifupi theka la ana onse. Pamalo pamene malungo ali ochuluka chonchi n'kosavuta kuganiza kuti kutentha thupi kulikonse ndi malungo. Apa ndi pamene chibayo, tayifodi ndi matenda oumitsa khosi amabisala.

Madontho pa galasi

Ntchito imayamba wodwala asanalowe n'komwe. Kagalasi kaja, kamene a chipatala amakatcha lamina, n'kotalika ngati chala cha munthu wamkulu, ndipo kayenera kukhala koyera mbee, kopanda fumbi kapena mafuta. A tekiniko amakagwira m'mbali mokha, chifukwa chidindo cha chala chokha chimakwana kulepheretsa magazi kumata bwino. Kumapeto kwake amalembako nambala ya wodwala ndi pensulo, kuti yankho la wina lisapite kwa wina.

Kenaka amatenga chala chapakati kapena choyandikana nacho, amachipukuta ndi thonje la sipiriti, n'kudikira kuti chiume. Kwa khanda amabaya chala chachikulu cha kuphazi kapena chidendene. Kobayirako amakatsegula m'pepala lake wodwala akuona, amakagwiritsa ntchito kamodzi kokha, n'kukaponya m'bokosi la zobayira. Dontho loyamba amalipukuta ndi thonje louma. Otsatirawo ndiwo amawadonthetsa pa galasi: kadontho kamodzi kakang'ono chapakati, ndi timadontho tiwiri kapena titatu pambali pake.

Kadontho kakang'ono kaja amakayala. Amatenga galasi lina, amaligunditsa pa kadonthoko mopendeka, magazi n'kuyenderera m'mphepete mwake, kenaka amalikankha kamodzi kokha mosadodoma. Pamatsala chinthu chooneka ngati lilime, chokhuthala poyambira koma chopyapyala kumapeto. Kumapeto kumeneku maselo ofiira a magazi amagona limodzilimodzi osasanjikizana, ngati usipa woyanikidwa bwino pathandala. Dzanja likanjenjemera kapena kuthamanga kwambiri, lilimelo limatuluka la mizeremizere ndipo ntchito imayambiranso.

Timadontho tina tija amatisonkhanitsa ndi ngodya ya galasi, kuzunguliza pang'ono mpaka tipange bwalo lalikulu ngati chikhadabo cha chala. Ili ndilo dontho lokhuthala, limene m'Chipwitikizi amati gota espessa. A tekiniko anandionetsa njira yodziwira ngati lakhuthala moyenera. Anaika galasilo pamwamba pa nyuzipepala. Ngati zilembo zikuoneka mwachimbuuzi koma zikuwerengeka, ndiye kuti lili bwino. Ngati sizikuoneka n'komwe lakhuthala kwambiri, ndipo lidzamatuka polisambitsa.

Ndinafunsa chifukwa chovutikira kawiri. Iwo anati dontho lokhuthala lili ngati chilimira, limakokolola magazi ambiri pamalo amodzi, kotero kuti ngakhale tizirombo tili tochepa timakodwa. Lopyapyala lili ngati kutenga nsomba imodzi m'manja n'kuiyang'anitsitsa kuti udziwe ngati ndi chambo kapena utaka. Loyamba limanena ngati tizirombo tilimo ndi kuchuluka kwake, lachiwiri limathandiza kudziwa mtundu wake.

Chimene timadikirira pa benchi

Agogo aja anadandaula za kudikira, ndipo apa ndi pamene nthawi imapita. Magazi ayenera kuuma okha, galasi litagona chathyathyathya. Lopyapyala limauma msanga, koma lokhuthala limafuna nthawi, makamaka m'dzinja mpweya ukakhala wa chinyontho. Sangaliike padzuwa loswa mtengo kapena pafupi ndi moto, chifukwa kutentha kumaumitsa maselo ofiira kuti gwa, ndipo utoto sugwiranso ntchito yake bwino. Ayeneranso kulitchinjiriza ku fumbi, nyerere ndi ntchentche. Ntchentche imodzi ikhoza kunyambita dontho lonse wodwala ali panja akudikira.

Likauma, mbali yopyapyala ija amaiviika kanthawi kochepa mu sipiriti wa mtundu wina wotchedwa methanol. Sipiriti ameneyu amamata maselo pa galasi kuti asasweke ndiponso asasinthe maonekedwe. Koma amasamala kwambiri kuti asakhudze dontho lokhuthala lija, pakuti limeneli amafuna kuti maselo ake ofiira asweke. Akasweka kufiira kumachoka, pamatsala tizirombo ndi maselo oyera aja ali asilikali a thupi, ndipo kuwala kumadutsa bwino.

Tsopano ndi nthawi ya utoto. Utotowu dzina lake ndi Giemsa, ndipo umabwera m'botolo lakuda uli wamphamvu kwambiri. Amausungunula tsiku lomwelo, chifukwa wogona sugwira bwino. Madzi osungunulira si a m'nyanja kapena a pachitsime ayi. Ndi madzi okonzedwa ndi mankhwala kuti asakhale owawasa kapena amchere wa phulusa, ndipo pa muyeso wawo amafuna nambala ya 7.2. Madzi akalakwika, zonse zimaoneka zofiira kwambiri kapena zobiriwira kwambiri, ndipo kachirombo kamabisala.

Pali njira ziwiri. Pamene odwala akudikira panja amasakaniza gawo limodzi la utoto ndi magawo 9 a madzi, n'kusiya galasi mu utotomo kwa mphindi ngati 10. Pamene magalasi ali ambiri ndipo palibe changu, amathira utoto wochepa, magawo atatu pa 100, n'kudikira mphindi 45 mpaka ola. Akatero amatsukuluza ndi madzi mosamala kuti dontho lisakokoloke, n'kuimika galasilo kuti liumenso. Mukawonkhetsa kuuma koyamba, utoto, kuuma kwachiwiri ndi kuyang'ana kwenikweniko, n'kuonjezapo anthu amene ali patsogolo panu, mupeza kuti ola lija silinatayike pa macheza.

Anthu amene anatsegula njira

Kalekale ngakhale madotolo a ku Ulaya ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Dzina loti malaria linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1880 pamene dotolo wa asilikali wa ku France, Alphonse Laveran, akugwira ntchito mumzinda wa Constantine ku Algeria, anaika magazi a msilikali wodwala pa galasi n'kuona tinthu tamoyo tikuyenda m'menemo. Madotolo anzake ambiri sanamukhulupirire msanga, mwa zina chifukwa popanda utoto tizirombo timeneti n'tovuta kuona.

M'chaka cha 1891 dotolo wa ku Russia, Dmitri Romanowsky, anasakaniza utoto wa mitundu iwiri, wofiira ndi wobiriwira, ndipo anapeza kuti kachirombo kamatenga mitundu yosiyana m'ziwalo zake. M'chaka cha 1897 Ronald Ross, dotolo wa ku Britain amene anali ku India, anapeza tizirombo tomweti m'mimba mwa udzudzu, ndipo kuchokera pamenepo zinadziwika kuti wofalitsa malungo ndi udzudzu. Ross yemweyo ndiye anadzalemba za njira ya dontho lokhuthala m'chaka cha 1903.

Utoto wa Romanowsky unali ndi vuto lakuti lero unkagwira, mawa osagwira. Amene anaukonza kuti ukhale wodalirika anali Gustav Giemsa wa ku Germany, m'chaka cha 1904, akugwira ntchito mumzinda wa Hamburg. Munthu ameneyu malungo ankawadziwa bwino, pakuti kuyambira 1895 mpaka 1898 anagwirapo ntchito yosamala mankhwala m'dziko limene lero ndi Tanzania, anansi athu a kumpoto, nthawi imeneyo likulamulidwa ndi Ajeremani. Papita zaka zoposa 120, koma botolo limene ndinaliona pa shelefu ya a tekiniko likadali ndi dzina lake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Galasi litauma, a tekiniko anadonthetsapo kadontho ka mafuta apadera, n'kuliika pansi pa maikulosikopu, makina aja oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Makinawa amakuza chinthu maulendo 1,000. Kukuza kotereku n'kofunika chifukwa selo lofiira la magazi ndi laling'ono zedi: maselo ngati 140 atandandalikana pamzere amangokwana milimita imodzi, ndipo kachirombo ka malungo kamakhala m'kati mwa selo limodzi.

Anandilola kusuzumira pa galasi lophunzitsira limene amasunga. Poyamba ndinangoona timadontho tambirimbiri ngati nyenyezi. Iwo anati ndidekhe, ndifunefune kamphete kobiriwira ngati thambo kokhala ndi kadontho kofiira pambali pake. Patapita kanthawi ndinakaona, kenaka kena, kenaka ena ambiri. Anandionetsanso kena kooneka ngati nthochi. Anati kameneka ndi kamene udzudzu umayamwa ukaluma wodwala, n'kukapatsira munthu wina. Mtundu umenewu dzina lake ndi Plasmodium falciparum. Ndiwo umayambitsa malungo ambiri m'dziko muno, oposa 9 mwa 10 aliwonse, ndipo ndiwo woopsa kuposa mitundu inayo.

Udzudzu waukazi ukaluma munthu usiku, tizirombo timayamba tapita kuchiwindi, kumene timakhala pafupifupi sabata imodzi tikuswana mwakachetechete. Tikachoka kumeneko timalowa m'maselo ofiira, ndipo pa masiku awiri aliwonse timachulukana, n'kuswa selolo, n'kulowa m'maselo ena. Kusweka kwa maselo kumeneku ndiko kumabweretsa kuzizidwa ndi kutentha thupi, ndiponso ndiko kumatha magazi a mwana mpaka zikhatho zake kuyera.

Kupeza kachirombo pamene tili tambiri sikuvuta. Chovuta ndi kunena kuti mulibe. A tekiniko sangasuzumire kamodzi n'kulemba. Ayenera kusuntha galasi pang'onopang'ono, kuyang'ana malo osachepera 100, asanalembe kuti sanapeze kanthu. Kachitsotso kapena kambenga ka utoto kakhoza kuoneka ngati kachirombo, ndipo diso lotopa likhoza kuphonya kachirombo kenikeni. N'chifukwa chake ntchitoyi amaiphunzira kusukulu ndipo safuna phokoso pakhomo.

Tikapezeka, amayerekeza kuchuluka kwake. Ambiri a ife tinaonapo timitanda pa pepala la chipatala. Mtanda umodzi umatanthauza kuti tizirombo tilimo koma n'tochepa, ndipo mitanda ikamachuluka ndiye kuti tachulukanso. Masiku ano akatswiri amalimbikitsa kuwerenga tizirombo timodzitimodzi poyerekeza ndi maselo oyera 200, kuti papezeke nambala yeniyeni. Nambala imeneyi imathandiza adotolo kuona ngati wodwala wogonekedwa akuchira, chifukwa akamuyezanso mawa lake iyenera kukhala itatsika.

Galasi lomweli limagwiranso ntchito zina. Makhololo a munthu wa chifuwa chachikulu amapakidwa pa galasi, n'kuthiridwa utoto wa mtundu wina, ndipo tizirombo timene Robert Koch anatitulukira m'chaka cha 1882 timaoneka ngati timitengo tofiira. Masiku ano kuli makina otchedwa GeneXpert opezera matendawa, komabe galasi limathandiza kuona ngati womwa mankhwala akuchira. Mazira a likodzo, matenda amene ife a kunyanja timawadziwa bwino, amaonekanso pa galasi akayeza mkodzo.

Nanga magaziwo amapita kuti?

Tsopano tifike pa funso loyamba la agogo aja, limene ambiri amalinong'ona koma safunsa poyera. Tonse tinamvapo mphekesera za anamapopa, amene ku Zambézia ndi ku Nampula amati chupa-sangue. M'chaka cha 2017 mphekesera zimenezi zinabuka ku Malawi m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mantha otere akalowa m'mudzi, anthu amaleka kupita kuchipatala, ndipo amene amavutika kwambiri ndi ana.

Ine ndinaona ndi maso anga ndipo ndikuchitira umboni. Magazi opaka pa galasi limodzi ndi ochepa kwambiri, moti supuni yaing'ono imodzi ya tiyi ingakwanire magalasi mazana angapo, pamene thupi la munthu wamkulu lili ndi magazi okwana malita ngati 5. Kadonthoko kakauma, n'kuthiridwa sipiriti, utoto ndi mafuta, kamangokhala banga louma. Sikangaikidwe m'thupi la munthu wina, ndipo palibe amene angakagule. Thonje ndi zobayira zimakatenthedwa pamodzi ndi zinyalala zina za chipatala. Magalasi ena amasungidwa m'bokosi kuti katswiri wina adzawaonenso, pofuna kutsimikiza kuti woyamba uja sanalakwitse. Otsalawo amawaviika m'mankhwala opha tizirombo, kenaka amawatsuka kapena kuwataya.

Magazi othandizira odwala ndi nkhani ina. Amenewo munthu amapereka mwa kufuna kwake, atafunsidwa ndi kufotokozeredwa, ndipo amatengedwa pamkono kulowa m'thumba lapadera. Ngati simukumvetsa chimene akukuchitani kuchipatala, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu, ndipo wa zaumoyo ayenera kukuyankhani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mbali yathu ndi iti?

Ndisanatsanzike ndinafunsa a tekiniko chimene ife odwala tingachite kuti ntchito yawo iziyenda bwino. Choyamba anati tizipita kukayezetsa tsiku lomwelo kapena mawa lake thupi likatentha, tisanamwe mankhwala a malungo a kumsika kapena otsala a munthu wina. Mapiritsi awiri kapena atatu sachiza malungo, koma amachepetsa tizirombo mpaka osaoneka pa galasi, ndipo patapita masiku timabweranso mwamphamvu. Ngati mwamwa kale kanthu, kaya ka m'sitolo kaya ka kwa asing'anga, nenani zoona. Mphwanga anathandizika chifukwa mayi ake ananena za Coartem woyamba uja.

Chachiwiri, yankho likati mulibe malungo tisanyanyale n'kukagula mankhwala a malungo panjira. Tibwerere kwa anamwino ndi pepalalo kuti afufuze chimene chikutenthetsa thupi. N'zoona kuti nthawi zina, matenda akangoyamba kumene, tizirombo timakhala tochepa moti sitioneka. Choncho ngati thupi likutenthabe, bwererani mawa lake akayezenso, ndipo ngati zikuipiraipira musadikire kuti kuche.

Chachitatu, yankho likati malungo alimo, mankhwala amwedwe onse, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ngakhale wodwala atayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri. Coartem amalowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro, nsomba kapena mkaka wa m'mawere. Abale athu a ku Cóbuè ndi madera ena amene amawolokera ku Likoma adziwe kuti mankhwala amene ku Malawi amawatcha LA ndi omwewa, choncho asamwe onse awiri poganiza kuti ndi osiyana. Ndipo tisaiwale zimene zinachitikira kolorokwini, amene makolo athu ankamudalira. Tizirombo tinamuzolowera, moti dziko la Malawi linasiya kumugwiritsa ntchito m'chaka cha 1993 ndipo ife tinadzatsatira pambuyo pake. Kumwa mankhwala mwachisawawa ndi kusiyira panjira ndi zina mwa zimene zimaononga mphamvu ya mankhwala.

Chachinayi n'chofunika kuposa zonse. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kuyamwa kapena kumwa, wafooka moti sangathe kukhala tsonga, akupuma movutikira kapena zikhatho zake zayera, asakhale pamzere kudikira galasi. Pitani naye kutsogolo mukauze anamwino nthawi yomweyo. Wodwala wotere amayamba kulandira chithandizo yankho lisanatuluke. Ndipo ngati nyanja yakwiya ndi mwera kapena msewu waduka ndi mvula, yambani mwafika kwa wa zaumoyo amene ali pafupi nanu uku mukufunafuna njira.

Tsono agogo a ku Nkholongue, yankho lanu ndi limeneli. Magazi anu sapita kutali, amathera pa kagalasi kotalika ngati chala chanu. Nthawi imene mumakhala pa benchi ndi nthawi yoti kadonthoko kaume, kamwe utoto, kaumenso, ndipo munthu akayang'ane malo 100 asanakuuzeni zoona. Mlongo wanga amene anakwiya tsiku lija ndiye tsopano amauza anzake kudambwe la kuchapa kuti atenge kachinangwa kophika ndi madzi akumwa popita kuchipatala, chifukwa akakutumizani ku labotale mukhalitsa. Mvula ikuyandikira ndipo udzudzu uchuluka. Sokani maneti obooka, gonekani ana m'kati mwake usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha kayezetseni. Amene ali ndi funso lina aimbe Lachiwiri likudzali, tidzakhala tili pomwepo.